Galimoto yamagetsi: yezani kaye msewu wanu musanatulutse dola



Nkhani ya magalimoto amagetsi yafika pakati pathu. Achimwene ena akuonetsa zithunzi za Nissan Leaf yotchipa ya ku Japan n'kumafunsa ngati aitanitse. Ena akungoseka, amvekere dziko lothima magetsi tsiku lonse lingayendetse bwanji galimoto yamagetsi. Amayi ogulitsa masipeya akufunsa ngati apitirize kuoda oyilo ndi mafyuluta. Madalaivala a mathanki a mafuta nawonso akufuna kudziwa ngati ntchito yawo ili ndi mawa. Onsewa ndi mafunso a ndalama, ndalama zimene timazipeza pogona m'mabasi ndi kusenza zikwama pa boda. Ndiye tiyeni tiwayankhe ndi masamu.

Ife tikuona chonchi. Galimoto yamagetsi ili ndi phindu lenileni kwa munthu woyenda ulendo waufupi, womwewomwewo tsiku lililonse, amene ali ndi pogoneka galimoto pakepake pomwe pali soketi. Kwa wodutsa maboda ndi katundu, nthawi yake sinakwane. Koma geni ya mabatire ndi sola, komanso luso lokonza zinthu zimenezi, zayamba kale kulowetsa ndalama, ndipo wochedwa adzapeza anzake atadzaza pamsika.

CHIFUKWA CHAKE NKHANIYI IKUTIKHUDZA

Ife sitigula galimoto zatsopano. Timagula zimene anthu a ku Japan, a ku UK ndi a ku Singapore atopa nazo. Choncho chimene iwo akugula lero m'mashopu ndi chimene ife tidzachipeze pa BE FORWARD kapena SBT pakatha zaka 5 kapena 8. Ndi mmene Toyota Aqua inatifikira. Inatuluka ku Japan kumapeto kwa 2011, ambiri tinkaiopa kuti batire lake likafa ndiye basi, koma lero imani pa Makoni kapena pa Chikwanha muwerenge ma Aqua ndi ma Fit Hybrid amene akudutsa.

Mu 2024 padziko lonse panagulitsidwa magalimoto oposa 17 miliyoni otchajidwa pa magetsi, tikaphatikiza ndi aja okhala ndi injini yothandizira. Pa magalimoto atsopano 5 alionse, imodzi inali yotere. Ku China anali pafupifupi theka. Ku Norway, pa 10 alionse atsopano, pafupifupi 9 anali amagetsi okhaokha. Japan inaika malire akuti pofika 2035 magalimoto ang'onoang'ono atsopano akhale amagetsi kapena a hybrid. Kuno ku Africa, Ethiopia inaletsa mu 2024 kulowetsa magalimoto apanyumba a petulo ndi dizilo, chifukwa mafuta amawadyera ndalama zakunja pamene magetsi a m'madamu ali nawo.

Maboma athu nawonso ayamba kutsegula chitseko. Zimbabwe inatsitsa msonkho wa pa boda wa galimoto yamagetsi kuchoka pa 40 kufika pa 25 peresenti kuyambira 1 January 2025, mu bajeti imene anawerenga a Mthuli Ncube. Zambia inachotsa msonkho wa pa boda pa magalimoto ndi njinga zamagetsi mu bajeti ya 2024. Ndiye funso lakuti kodi zibwera latha. Latsala ndi lakuti ndani pakati pathu apindule nazo, ndipo ndani aluze nazo mpamba.

MASAMU A SEKE ROAD

Tiyambire pakhomo. Kuchoka pa Makoni kukafika m'tauni ya Harare ndi makilomita pafupifupi 25 mpaka 30. Wogwira ntchito m'tauni, kapena mayi wokaoda tomato ndi anyezi ku Mbare Musika m'mawa uliwonse, amayenda pafupifupi makilomita 60 patsiku. Ulendo wotere galimoto yamagetsi imaukonda: waufupi, wodziwika, wa imaima. Pamzere wa pa Seke Road m'mawa, injini ya petulo imangomwa mafuta itaima, pamene yamagetsi ikaima sidya chilichonse kupatula mukayatsa choziziritsa. Mukaponda buleki, mota yake imabweza kamoto kena m'batire.

Tiyerekeze mitengo, inu muikepo ya lero kwanuko. Tinene kuti petulo ndi $1.50 pa lita, ndipo yuniti ya magetsi ndi masenti 20. Honda Fit yamba imamwa malita pafupifupi 7 pa makilomita 100 m'tauni, imene ndi $10.50. Nissan Leaf pa mtunda womwewo imafuna mayuniti pafupifupi 20 a pa mita, tikawerengera ndi amene amatayika potchaja. Imeneyo ndi $4. Kusiyana kwake ndi $6.50 pa makilomita 100. Woyenda makilomita 60 kwa masiku 26 amakwanitsa makilomita 1,560 pamwezi, ndiye amapulumutsa pafupifupi $100. Pachaka ndi $1,200, fizi ya mwana imeneyo.

Koma tinene zoona zonse. Mukaiyerekeza ndi Aqua, imene imamwa malita pafupifupi 5, kusiyana kumatsika kufika $3.50 pa makilomita 100, kapena kuti $55 pamwezi. Ngati galimoto yamagetsi ikudula kuposa Aqua ndi $3,000, mudzadikira zaka zoposa 4 kuti ndalamayo ibwerere. Masamu amenewa achiteni pa pepala musanalankhule ndi wogulitsa aliyense.

Phindu lina lili ku galaja. Galimoto yamagetsi ilibe oyilo wa injini wosintha, ilibe mapulagi, ilibe timing belt, ilibe kilachi, ilibe ekizozi. Mabuleki amakhalitsa chifukwa mota ndi imene imagwira ntchito yambiri yochepetsa liwiro. Chimene chimatha msanga ndi matayala ndi za kunsi, chifukwa batire ndi lolemera ndipo maenje a m'misewu ya Zengeza ndi Unit L sasankha kuti iyi ndi yamagetsi.

Izi si zolota. Kampani ya Vaya inayamba kuyendetsa ma Leaf ngati matakisi ku Harare mu 2020. Ku Wedza, bungwe la Mobility for Africa linayamba mu 2019 kubwereketsa kwa amayi njinga zamagetsi za matayala atatu zotchedwa Hamba, zonyamula katundu wa makilogalamu pafupifupi 400. Batire likatha amakasinthitsa pamalo otchajira ndi dzuwa. Ku Kenya mabasi a BasiGo akunyamula anthu mu Nairobi, ndipo ku Rwanda akabaza ambiri akuyendera njinga za Ampersand zosinthitsa batire. Onani chimene onsewa akufanana: mtunda waufupi, njira yodziwika, ndi malo otchajira amene ali m'manja mwa eni ake.

NANGA MAGETSI AKEWO?

Oseka aja ali ndi mfundo, tisawanyoze. Tonse tikukumbukira November 2022 pamene Zambezi River Authority inauza Zimbabwe kuti iyimitse kupanga magetsi ku Kariba South chifukwa madzi ake a chaka chimenecho anali atatha. Makina awiri atsopano a ku Hwange anawonjezera mamegawati 600 mu 2023, koma chilala cha 2024 chitafika, mdima wa maola 18 patsiku unabweranso, ndipo ku Zambia unkadutsa maola 20. Kumudzi nakonso namondwe Ana anaononga Kapichira mu January 2022, mamegawati pafupifupi 130 n'kuchoka kwa nthawi yoposa chaka.

Koma taganizani nthawi imene magetsi amabwera kukakhala kuthimathima. Kawirikawiri amayaka cha m'ma 10 koloko usiku n'kuchoka cha m'ma 5 koloko m'mawa. Maola 7 amenewo inu muli mtulo, galimoto ili pabwalo. Tchaja ya pa soketi yamba imakoka pafupifupi mayuniti 2.3 pa ola. Maola 7 ndi mayuniti 16, okwana makilomita 80. Ulendo wa ku tauni ndi kubwerera wakwana, n'kutsalako. Ndiye vuto lalikulu si kuthima kwa masana ayi.

Mavuto enieni a kuno ndi awa. Ambiri ndife ma lodger, mita ndi imodzi ndi eni nyumba. Galimoto yodya mayuniti 300 pamwezi ikalowa pa mita yogawana, mkangano wake sutha, ndipo poti mayuniti a ZESA amakwera mtengo mukamagula ambiri pamwezi, nyumba yonse idzalowa pa mtengo wapamwamba chifukwa cha inu. Ambiri timagonekanso galimoto ku car park ya alonda, komwe kulibe soketi. Mawaya a nyumba zakale za ku St Mary's ndi Zengeza anaikidwa kuti ayatse mababu ndi wailesi, osati kukoka moto wambiri usiku wonse. Wolumikiza tchaja ku chingwe chowonjezera cha pa msika akuitana moto m'nyumba. Ndipo thiransifoma ikaonongeka kapena mawaya akabedwa, dera limatha milungu lili mumdima.

Sola ingathandize, koma iwerengereni bwino. Mapanelo 6 a mawati 550 amapereka mayuniti pafupifupi 13 mpaka 15 tsiku la dzuwa labwino, okwana ulendo wa makilomita 60 uja. Chovuta n'chakuti dzuwa likamawala galimoto ili m'tauni, ikamabwera dzuwa lalowa. Ndiye pafunika batire lina lalikulu la panyumba, ndalama inanso. Sola imakomera amene galimoto yake imakhala pakhomo kapena pa shopu masana, monga wokaoda ku Mbare m'bandakucha n'kubwerako 9 koloko. Za jenereta ya petulo iwalani, phindu lonse limathera momwemo.

Kumudzi masamu amasinthanso. Amene munagona pamzere wa mafuta ku Lilongwe ndi ku Blantyre mu 2022 ndi kumapeto kwa 2024, kapena kugula petulo wa m'zigubu pa mtengo wowirikiza, mukudziwa kuti kumeneko nkhani si mtengo wokha. Ndi yakuti kodi mawa ndiyenda? Mafuta a Malawi amalowa ndi ndalama zakunja, ambiri kudzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 mtengo wake unakwera nthawi yomweyo. Magetsi a pa Nkula ndi Tedzani amachokera mu Shire, ndipo dzuwa la ku Salima silifuna dola. Kwa wa kabaza wa ku Limbe kapena ku Area 25, njinga yamagetsi ingathe kukhala kusiyana kwa kugwira ntchito ndi kukhala pamzere masiku awiri.

MSEWU WA NYAMAPANDA NDI NKHANI INA

Tsopano tibwere pa msewu wathu. Harare kukafika Nyamapanda ndi makilomita pafupifupi 240. Kuchokera apo kudutsa Changara kukafika Tete ndi ena pafupifupi 145, kenako Moatize mpaka Zobue 120, Mwanza mpaka Blantyre 100. Onse pamodzi ndi oposa 600. Wa ku Beitbridge ndi pafupifupi 580, wa ku Chirundu 350.

Leaf ya batire la 40 kWh, imene inayamba kutuluka mu 2017, ikakhala ndi anthu, zikwama ndi choziziritsa, pa liwiro la msewu waukulu, muiwerengere makilomita pafupifupi 200. Ndiye ulendo wa ku Blantyre muyenera kudzaza batire kawiri panjira, mwinanso katatu. Pa soketi yamba kudzaza batire limenelo kumatenga maola oposa 17. Ulendo wa tsiku limodzi usanduka wa masiku atatu, kulipira malo ogona ku Mutoko ndi ku Tete, katundu wa eni ake akudikira. Matchaja othamanga alipo, koma ndi ochepa ndipo ambiri ali m'mizinda ikuluikulu. Musanyamuke pongomva kuti penapake pali tchaja. Muyimbe, mufunse ngati ikugwira, ndiponso ngati mutu wake ukulowa pa galimoto yanu.

Palinso kutentha. Batire la Leaf lilibe madzi oliziziritsa, limangodalira mpweya. Tete yathu ija mu October imafika madigiri 40, chimodzimodzi Beitbridge ndi Chirundu. Batire lotere likamathamangitsidwa ndi kutchajidwa mofulumira pa kutentha kumeneko limakalamba msanga. Wochita geni ya maulendo ataliatali, pakadali pano hybrid ndiye yankho: mafuta ochepa, popanda kusaka soketi.

KWA A MATHIRAKI

Madala a mathiraki, mtima m'malo. Mathiraki amagetsi alipo, koma onani manambala ake. Volvo FH Electric ya batire la 540 kWh anaipangira makilomita pafupifupi 300. Mercedes eActros 600 imafika 500. Mabatire akewo amalemera matani 3 mpaka 4 kapena kuposa, ndipo pa sikelo tani iliyonse ya batire ndi tani ya katundu imene simunanyamule. Kudzaza kamodzi batire la mayuniti 600 n'chimodzimodzi magetsi a nyumba yogwiritsa mayuniti 300 pamwezi kwa miyezi iwiri. Tangoganizani mathiraki 50 atayima pa Forbes kapena pa Chirundu onse akufuna kutchaja usiku umodzi. Pafunika mawaya ndi mathiransifoma amene pakadali pano palibe. Dizilo ya Durban kupita Lilongwe kapena Kasumbalesa ikhalapo zaka zambiri.

Kumene zisinthe koyamba ndi ku maulendo afupiafupi. Ku China mathiraki amagetsi achuluka m'migodi, m'madoko ndi m'mafakitale a zitsulo ndi simenti, komwe thiraki imangozungulira njira imodzi, ndipo ena amasintha batire lonse m'mphindi zochepa. Migodi yambiri ya kuno ili m'manja mwa makampani a ku China omwewo. Dalaivala wanzeru akamva kuti pali mwayi wophunzira thiraki yotere, asaukane. Pepala limenelo lidzakhala ndi mtengo.

A mathanki, ntchito yanu sikutha mawa. Galimoto ikalowa m'maiko athu imayenda zaka 15 kapena 20, mpaka itatheratu. Koma ngati muli ndi zaka 30, musamange moyo wonse pa katundu mmodzi.

NGATI MWATSIMIKIZA KUGULA

Choyamba, dziwani kuti mukugula batire. Thupi lonyezimira ndi mipando yoyera zisakunamizeni, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Pa Leaf pali timizere 12 toonetsa thanzi la batire, tosiyana ndi toonetsa kuchuluka kwa moto umene mwatchaja. Kamzere koyamba kamazimiririka batire likataya pafupifupi 15 peresenti ya mphamvu zake. Uzani wogulitsa akutumizireni chithunzi cha timizereti galimoto ili yoyaka. Ngati galimoto ili konkuno, lumikizani kachipangizo ka OBD ndi pulogalamu ya pa foni ya LeafSpy, muone nambala ya SOH. Leaf yakale ya 24 kWh ikatsika kufika 70 peresenti imayenda makilomita osakwana 100. Wogulitsa wokana kuti muyeze wakuuzani kale yankho.

Chachiwiri, funsani mtengo wa batire lina musanagule galimoto, pamodzi ndi thiransipoti ndi msonkho wake, ndiponso amene angakuikireni. Nthawi zina batire limadula kuposa galimoto yakaleyo.

Chachitatu, onani mutu wa tchaja. Za ku Japan zimagwiritsa CHAdeMO, za msika wa ku China GB/T, za ku Ulaya ndi za ku South Africa CCS2. Mitu imeneyi silowana. Tchaja yobwera ndi galimoto ya ku Japan inapangidwira magetsi a mavoti 100 kapena 200, athu ndi 230. Wodziwa zamagetsi aione kaye musanailowetse pa khoma. Za msika wa ku China zambiri chiwongolero chili kumanzere ndipo sikirini imalankhula Chitchaina. BYD ikugulitsa za chiwongolero cha kumanja ku South Africa kuyambira 2023, ndiye funsani kuti imene mukuionayo inapangidwira msika uti.

Chachinayi, lamulo la zaka 10. Zimbabwe kuyambira 2021 inakhwimitsa kulowetsa magalimoto opitirira zaka 10 chipangidwireni. Ma Leaf otchipa kwambiri amene mukuwaona pa intaneti ambiri ndi a zaka zoyambirira. Onani chaka chopangidwa musanatumize ndalama, ndipo pitani nokha ku ZIMRA kapena ku MRA mukafunse msonkho wonse, kuphatikiza VAT. Mawu a agent wa pa boda si lisiti.

Chachisanu, kafikidwe kake. Makampani ena a sitima amakana kunyamula magalimoto amagetsi ogwiritsidwapo kale ntchito poopa moto. Ikafika pa doko, musaganize zoipatsa mnyamata wa ma IT kuti aithamangitse kuchokera ku Dar es Salaam, makilomita oposa 900 kukafika ku Songwe kokha. Iyenera kukwera pa carrier, ndipo ndalama imeneyo ilowe m'masamu anu. Ikafera panjira musaikoke ndi chingwe matayala ali pansi, mungaononge mota ndi zamagetsi zake. Inyamuleni yonse.

Chachisanu ndi chimodzi, mawaya a mtundu wa olenji musawakhudze. Muli mavoti 350 mpaka 400, okwana kupha munthu. Makaniko wa pansi pa mtengo, ngakhale ndi katswiri wa injini, asatsegule batire ngati sanaphunzire.

Chomaliza, ganizirani tsiku logulitsa. Kwa ife galimoto ndi banki. Fit kapena Probox mukaiika pamsewu imapita msanga geni ikagwa. Yamagetsi ogula ake akadali ochepa. Musaiguliretu ndi katapila kapena ndi mpamba wonse wa chipereganyu.

GENI IMENE YAFIKA KALE

Amayi ndi abambo a masipeya, a ku Kaguvi Street, a ku Gazaland, a pa Chikwanha, a ku Ndirande ndi ku Biwi, musataye sitoko yanu. Oyilo, mafyuluta ndi mapulagi zigulidwabe kwa zaka zambiri. Koma pooda katundu watsopano yambani kupendekera ku zinthu zimene galimoto iliyonse imafuna, kaya ndi ya petulo kaya yamagetsi: matayala, ma shock, ma bush, ma ball joint, ma bearing, magalasi, nyali, ndi batire laling'ono la mavoti 12, limene yamagetsi nayonso ili nalo. Kenako phunzirani za hybrid. Ma Aqua ndi ma Prius amene analowa zaka zapitazi mabatire awo akukalamba tsopano, ndipo eni ake akusaka wodziwa kuyeza ndi kusintha.

Geni ya mabatire a lithiyamu a panyumba, mainveta ndi mapanelo ambiri mwaiyamba kale. Ndi banja limodzi ndi batire la galimoto. Wodziwa kusiyana kwa batire la LFP ndi la NMC, wodziwa kuyeza ngati batire lolembedwa 100Ah lilidi 100, wayamba kale sukulu ya galimoto yamagetsi. Mtengo wa mabatirewa padziko lonse watsika ndi pafupifupi 90 peresenti kuyambira 2010, choncho musasunge sitoko yambiri nthawi yaitali, ingakutsikireni mtengo ili m'shopu.

Ponyamula samalani. Mabatire a lithiyamu ali m'gulu la katundu woopsa, Class 9, nambala UN 3480. Batire lotupa, lophwanyika kapena lonyowa lisakwere basi. Musalibise pansi pa mabelo a zovala mu ngolo ya basi, pamene anthu 60 akugona kutsogolo. Moto wake suzima wamba ndipo umatha kuyakanso mutaganiza kuti wazima. Muuzeni dalaivala chimene mwanyamula. Dziwaninso kuti njira yapafupi ya COMESA ya katundu wochepa ndi ya katundu wopangidwa m'maiko athu amene ali pa mndandanda. Batire la ku China sililowa pamenepo. Funsani msonkho wake musanaode, safunsa anadya phula.

Ndipo ana athu. Mwana wokonda zitsulo musangomutumiza kukaphunzira injini yokha. Aphunzire zamagetsi a galimoto ndi kuyeza ndi kompyuta, kaya ku Harare Polytechnic, kaya ku Soche kapena Lilongwe Technical College. Amakaniko a injini ndi ambirimbiri. Odziwa kutsegula batire la hybrid bwinobwino tingawawerenge ndi zala.

MWALA NDI WATHU

Madalaivala a msewu wa Beira mukudziwa chimene chili m'matumba akuluakulu amene mumatsika nawo pa Forbes. Zimbabwe ndi limodzi mwa maiko otsogola pa lithiyamu mu Africa. Mgodi wa Arcadia ku Goromonzi, pafupi ndi kuno, kampani ya Huayou inaugula $422 miliyoni. Bikita Minerals inagulidwa ndi Sinomine $180 miliyoni mu 2022. Mu December 2022 boma linaletsa kutulutsa mwala wa lithiyamu wosayengedwa. Kumudzi kuli graphite ku Kasiya ku Lilongwe, yofunika m'mabatire, ndi miyala ya ku Kangankunde ku Balaka ndi ku Songwe Hill ku Phalombe, yofunika pa maginito a mota. Chumachi chimatuluka pa mathiraki athu n'kubwerera chili batire la mtengo wa dola. Tili ndi ufulu wofunsa maboma athu kuti ife tipindula nacho bwanji.

Zopempha zathu n'zapafupi. Matchaja oyamba aikidwe pa maboda, pa Beitbridge, Nyamapanda, Mwanza, Dedza, Forbes ndi Chirundu, chifukwa pamenepo timaima kale maola ambiri, ndipo madenga a nyumba za pa boda angathe kunyamula mapanelo. Maiko a SADC agwirizane mutu umodzi wa tchaja, kuti galimoto ya ku Harare itchajike ku Tete ndi ku Blantyre. Msonkho wa batire losinthira utsike pamodzi ndi wa galimoto, apo ayi wosauka agula galimoto yotchipa imene sangathe kuitsitsimutsa. Ndipo atiuziretu za misonkho ya mtsogolo. M'mtengo wa mafuta muli misonkho, ina ya misewu. Ogula mafuta akachepa boma lidzaifuna kwina, monga anachitira ku UK, komwe magalimoto amagetsi anayamba kulipira msonkho wa pamsewu mu April 2025. Musachite masamu ngati kutchipa kwa lero kudzakhala mpaka kalekale.

Ndiye musanatulutse ndalama, tengani kope. Kwa mwezi umodzi lembani makilomita amene mwayenda tsiku lililonse, mafuta amene mwathira, ndi maola amene magetsi anayaka usiku pakhomo panu. Ngati masiku ambiri simudutsa makilomita 80, mita ndi yanuyanu, mawaya ndi abwino ndipo galimoto imagona m'mpanda, yambani kufufuza yamagetsi ya batire lathanzi. Ngati mumadutsa boda mwezi uliwonse, gulani hybrid, ndalama yotsalayo muiike mu sola ndi mu sukulu ya mwana. Ndipo inu amene muli nayo kale, ku Harare, ku Lusaka kapena ku Lilongwe, tiuzeni manambala enieni: chaka chake, timizere tatsala tingati, mayuniti angati pamwezi, ndipo mwakonzetsapo chiyani. Mutipulumutsa ambiri.

Muyende bwino, katundu afike.